Tsiku Limene Ndinagwira Moto Kompyuta Ikulandira Zigamba

Iwe wa chipewa chofiirawe, ndakuona ukutsina mnzako. Seka, mano ndi ako. Koma usanakwere kombi yako upite kuseri kwa shedi uko, ukafunse aliyense wa m'komboni muno kuti fodya woyamba wa ife eni anapulumuka bwanji, ndipo akakutchulira dzina lina osati langali, la Sekuru Phiri, ubwere undilavulire m'chipewa, ndichivala chomwecho. Ine bodza ndimadana nalo ngati chimfine. Khalani pansi nonse, kombi siibwera msanga, dalaivala wake ndikumudziwa, panopa akudya sadza, nsima ya kuno, ku Macheke.

Ine ndinabadwira m'balani la fodya. Mayi anapita kukapereka mahewu kwa bambo, amene ankasonkhezera moto pa purazi lino, famu yomwe ino, chibwerere chawo wapansi kuchokera ku Dedza, ndipo ine ndili m'mimba ndinamva kuti moto wapitirira, ndiye ndinatuluka kudzawauza. Azamba akuti sindinalire, ndinangotukula chigongono ichi n'kuloza ng'anjo, bambo n'kuphula chikuni chimodzi, fodya wa mzungu n'kupulumuka. Kuyambira tsiku limenelo chigongono changa sichinanamepo. Ndimatha kukhala pa bawa, pomwera mowa, ku Goromonzi, n'kuchitulutsa pawindo, n'kudziwa kuti balani la kuno lazizira. Ndipo lamulo limene bambo anandisiyira linali limodzi lokha, lakuti chimene chayaka pa balani sichizimitsidwa.

Bambo anawotcha fodya wa anthu mpaka msana unapindika ngati khasu, anamwalira opanda tsamba ngakhale limodzi loti n'kunena kuti ili ndi langa. Nanenso ndinakalamba chimodzimodzi. Koma chaka china mwini purazi atamanga mabalani atsopano, anatibwereka kachigawo ka munda ndi balani lakale, ife mabanja a m'komboni, ine ndi Che Saidi wa tuckshop uja, Msilamu amene timanyozana naye chiyambire tili anyamata, ndi ena angapo. Tinalima, tinathyola, tinasoka masamba pa mikangala, tinadzaza balani mpaka kudenga. Fodya yenseyo anali m'balani limodzilo, kunalibe wina kumbali. Akapsa, ndiye kuti tabwerera kukhala anthu owotchera anzathu, ndipo mwini purazi anali atanena kale kuti balani sabwereketsa kawiri kwa anthu owononga.

Tsono m'kachipinda komata kukhoma kwa balanilo munali kompyuta. Inaikidwa nyengo zingapo m'mbuyomo, balani likuwotchabe fodya wa mwini purazi, ndipo anaiika ndi apongozi anga, mai a Chipo, mkazi wa mwana wanga Yohane woyendetsa malole uja. Muroora wanga ameneyo, monga amatchulira mpongozi m'Chishona, anaphunzira zamakina ku Harare, mutu wake ndi wakuthwa kuposa lumo. Kompyutayo inali yaing'ono ngati njerwa, koma ndiyo inkazungulitsa fani, kutsekula ndi kutseka mazenera a mphepo, ndi kuyang'anira kutentha. Nzeru yoiyendetsa, akuti, siigulidwa. Inalembedwa ndi anthu ambirimbiri a m'maiko onse, aliyense amaloledwa kusuzumira m'kati mwake, ndipo wina akapeza pobooka amakuwa, anzake n'kuthamanga kudzatseka, monga timachitira mlatho wa kumunda ukagumuka. Akatseka amatumiza chigamba kwa aliyense, osalipiritsa. Zigambazo zili mitundu iwiri, zina zotseka mabowo olowera matsotsi, zina zoletsa makina kupunthwa okha. Koma kuti zigamba zikuluzikulu zigwire, kompyuta imayenera kuzimitsidwa kenako n'kudzutsidwanso.

Kuzimitsidwa! Pa balani la Phiri! Ndinakana, ndipo ndinatenga mpando wanga wa ndalema n'kuuika m'kachipindamo, patsogolo penipeni pa kompyutayo. Chinthu chikagona kamodzi chimaphunzira ulesi, onani ana a masiku ano. Magetsi ankapita, mabatire a sola n'kuigwira. Mvula inkabwera ndi mphezi zake, ine n'kutuluka panja n'kuzikalipira mphezizo, zikagwera ku Arcturus. Balani likakhala lopanda fodya, kompyuta inkapopa madzi a ku nazale, osaphethira ngakhale kamodzi. Mbiri yake inafika kutsidya kwa nyanja, moti makompyuta a m'mabanki akuluakulu ankati akatopa amauzidwa kuti chitani manyazi, mnzanu wa kwa Phiri sanagonepo. Mukumva?

Apongozi akanatha kuizimitsa ndi foni yawo ali ku Harare komweko, ine osadziwa. Koma ndi mwana woleredwa. Mukudziwa mwambo wathu, mpongozi salowa m'chipinda chimene mwakhala, sakuyang'anani m'maso, ndipo sangakuuzeni kuti nyamukani. Akabwera kudzationa ankagwada kutali, n'kuuza akazi anga kuti kapena makinawo angafune kupuma pang'ono. Akazi anga n'kundiuza ine. Ine n'kuuza akazi anga kuti makinawo ndacheza nawo m'mawa, akuti ali bwinobwino. Akazi anga n'kuuza apongozi, apongozi n'kuwomba m'manja n'kunena kuti zikomo. Chaka chilichonse mawu ankayenda njira yomweyo mpaka panamera kanjira pabwalo.

Zigamba zija sizinaleke kubwera. Pokanizidwa kulowa zinkangounjikana pa waya wochokera ku mlongoti wa netiweki, chimodzi pamwamba pa chinzake, mpaka waya unayamba kulendewera, njiwa zinasowa potera, thirakitala linkachita kuzungulira kumadzulo chifukwa pansi pa waya panalibenso podutsa, ndipo amayi a m'komboni ankati akayanika zovala pafupi ankazipeza zitapsinjika ngati zasitidwa. Che Saidi anandiuza kuti Phiri, waya uwu udzatigwera. Ndinamuyankha kuti iye asamale matemba ake, za makina azisiyire ife ophunzira.

Tsikulo linali Lachisanu masana. Fodya anali atangomaliza kusanduka chikasu, nthawi imene tsamba limakhala ngati khanda. Moto ukakwera tsamba likadali ndi madzi, limapsa n'kuda ngati chiwindi. Moto ukatsika, limachita thukuta n'kuvunda. Che Saidi ndi amuna a Chisilamu anali ku mzikiti, akazi anga anali ku musika kukagulitsa muriwo, ndiwo zamasamba zija, ena onse anali kumunda. Panatsala ine, apongozi amene anabwera dzulo lake kudzaona fodya, ndi nkhuku yanga yathadzi yamawanga.

Ndili pampando, chigongono chinayamba kuyabwa. Ndinayang'ana pagalasi la kompyuta, nambala ya kutentha ili phee, ikunena kuti zonse zili bwino. Koma chigongono chikuti moto ukukwera. Fani inayamba kuchita chibwibwi, kuzungulira, kuima, kuzungulira, kuima. Ndinaika khutu pa waya, ndipo ndikulumbira pa manda a bambo, ndinamva anthu akunong'onezana m'katimo m'chinenero chachilendo, wina akutafuna chingamu, wina akukoka mipando ngati alowa m'nyumba ya mayi awo. Matsotsi a kutsidya kwa nyanja anali atalowa pabowo lina lakale, n'kuisenzetsa kompyuta yanga ntchito zawo, moti inalibenso mphamvu yoganizira fodya wathu.

Sindinachedwe. Ndinapinda malaya, ndinalowetsa mkono m'waya mpaka m'phewa, ndinapapasa, ndinagwira mwendo wa munthu, iye n'kukuwa, ine n'kukoka, iye n'kugwira mwendo wa tebulo la kwawo, tinakokana mpaka mlongoti unawerama ngati nsungwi, kenako anapulumuka n'kundisiyira silipasi m'manja. Silipasiyo ndikanakuonetsani, koma inadyedwa ndi mbuzi. Vuto linali lakuti ukatulutsa m'modzi, pabowo pomwepo ankalowa anzake ngati nyerere pa shuga.

Apo n'kuti apongozi ataona kale pa foni yawo kuti zinthu zavuta, ndipo matsotsi aja anali atawatsekera kunja, foni sinkalowanso. Panafunika kuti afike pa kompyuta penipeni ndi kachipangizo kawo ka m'thumba. Koma m'kachipindamo munali ine, ndipo akazi anga, njira ya mawu athu, anali ku musika. Ndinawamva akugwada panja, chakumbali kwa chitseko. Anaika kapu ya tiyi pakhomo monga ankachitira akabwera, kenako anayamba kulankhula ndi nkhuku. Anaiuza nkhukuyo kuti bowo limene alowera anthuwa eni nzeruyo analipeza kalekale ndipo chigamba chake chili pawaya, kuti pakufunika kusesa alendowo, kulowetsa zigamba zonse, kuzimitsa ndi kudzutsa. Ine ndinaiuza nkhuku kuti ikawauze kuti pa balani la Phiri sipazimitsidwa kanthu, makamaka lero fodya ali m'kati. Nkhuku inangojompha nyerere n'kutiyang'ana ndi diso limodzi.

Fungo linasintha. Amene munakulira pa purazi mukulidziwa fungo lija, lotsekemera ngati mbatata yootcha, limene limabwera tsamba likangotsala pang'ono kupsa. Sindikubisirani, ndinachita mantha ngati mwana. Ndinaganiza za bambo, ndinaganiza za Che Saidi akugwada ku mzikiti osadziwa kuti thukuta lake likuphikidwa.

Pamenepo chitseko chinatseguka. Apongozi anaimirira, anandiyang'ana m'maso momwe muno, misozi ili mbwembwembwe.

"Baba, chokani pampandopo. Fodya wa agogo akupsa."

Mwana wa eni, chikwatiwire sanandiuzepo ngakhale kuti samalani minga. Ndipo sanati fodya wanu, anati wa agogo, chifukwa ankadziwa kuti amene tinkamulimira mumtima ndi malemu bambo anga. Anthu ena a kaduka amanena kuti ndinachita kuuzidwa. Bodza lenileni. Ine ndinali nditayamba kale kunyamuka, kungoti mawondo a munthu wamkulu amatenga nthawi, ndiye mawu awo anandipeza panjira. Ndinawafunsa, ndikuyang'ana kudenga, kuti kompyuta ikagona fani ndi mazenera aziyendetsa ndani. Anati palibe, zonse ziima mpaka idzuke.

"Izimitseni, mai a Chipo," ndinatero. "Kompyuta ndikhala ine."

Ndinalowa m'balani n'kudzitsekera. Ndinamva fani ikuima, balani lonse linangoti zii, kutentha n'kundigwa pamutu ngati thumba la feteleza. Ndinamanga chingwe cha zenera la kum'mawa ku chala chachikulu cha phazi lamanja, cha kumadzulo ku chala cha phazi lamanzere, cha kudenga ndinaluma ndi dzino ili latsalali, chigongono ndinachikweza m'mwamba kuti chizindiuza nkhani, kenako ndinakoka mpweya, ndipo nditakoka mitambo yonse ya ku Goromonzi inathamangira kuno, zovala za pa waya ku Arcturus zinaloza ku purazi lino, mawu a mwazini woitanira mapemphero ku mzikiti anakhota n'kulowa m'mphuno mwanga moti Che Saidi mpaka lero amati pemphero la tsiku limenelo linamveka theka. Ndiye ndinayamba kuuzira, pang'onopang'ono, mzere ndi mzere, kuyambira mikangala yapansi mpaka ya kudenga, tsamba lililonse kulandira mpweya wake osalanda wa mnzake. Mukumva, inu a chipewa chofiira?

Moto wa m'ng'anjo utaona kuti kompyuta yagona unayamba matukutuku, unalilima, mapaipi n'kufiira. Ndinaukalipira m'Chichewa, sunamve. Ndinaukalipira m'Chishona, unachita ngati wamva koma unkangonamizira. Ndiye ndinaulavulira kudzera m'paipi, malovu n'kuyenda mpaka kung'anjo n'kuumenya pamphumi, unakhala pansi. Utakhala pansi unanyanya, unafuna kuzimiratu kuti fodya avunde, ine n'kutulutsa mwendo pa zenera, n'kutola chikuni cha bulugamu ndi chidendene, n'kuchiponya m'ng'anjo osayang'ana, uku ndikuuzirabe, uku dzino likukoka zenera la kudenga, uku thukuta likutsika ngati mvula ya Januwale, linatuluka pansi pa chitseko, linadutsa m'komboni, linakokolola nkhuni za mai Banda, linafika pa msewu wa ku Mutare, ndipo kombi ina inatitimira m'menemo mpaka anthu anatsika kukankha. Dambo limene mukuliona kumunsiko kunalibe kale. Lawani madzi ake mumve mchere.

Kunja ndinkamva apongozi akumenya nkhondo yawo. Anayamba asesa alendo aja, ndinawamva akuthawa m'waya akupondana, wina akulira kuti wataya silipasi. Kenako zigamba zinayamba kulowa, zotseka mabowo patsogolo, zoletsa kupunthwa pambuyo, chilichonse chikalowa balani linkagwedezeka ngati lagundidwa ndi ng'ombe, ndipo waya uja popepukidwa unadzuka mwamphamvu n'kuponya khwangwala amene anatera pamenepo mpaka anakagwera ku Macheke ali wodabwa. Dzuwa linaima pamutu kuonerera. Ndevu zanga zinamera, zinafika pachifuwa, zinapsa ndi kutentha, zinameranso. Njala inandigwira, inatopa, inandisiya. Ndinakalamba m'balanimo, anyamata, ndinalowa ndi tsitsi lakuda.

Mpweya utatsala wa m'masaya mokha, maso atayamba kuona nyenyezi, ndinamva kamawu kakang'ono kuseri kwa khoma, kuti pii. Fani inatembenuka kamodzi, inatembenukanso, kenako inayamba kuimba bwinobwino, mawu osalala amene ndinali nditawaiwala. Zingwe za kumapazi zinayamba kudzikoka zokha. Kompyuta inadzuka, ndipo nambala ya pagalasi ndi chigongono changa zinagwirizana ngati mapasa.

Fodya ameneyo atatuluka m'balani, ha, anali wagolide moti tinkasankha titatsinzina, ndipo atambala a m'komboni ankalira masana poyesa kuti kwachanso kachiwiri. Tsamba lopsa silinapezeke ngakhale limodzi. Che Saidi anagwira tsamba, analinunkhiza, analira ngati mwana, kenako anapukuta maso n'kunena kuti ndi mapemphero ake. Musiyeni, nkhalamba ija ilibe manyazi. Ine ndinamanga kamtolo ka masamba abwino kwambiri n'kupita nako ku manda a m'mphepete mwa purazi, ndinakaika pa mtumbira wa bambo, ndinawauza kuti uyu ndi wanu, simunamuwotchere munthu. Balani tili nalo mpaka lero.

Madzulo a tsiku lija apongozi anatuma akazi anga kudzapepesa, akuti anandiyang'ana m'maso ndipo anandilamula, ali okonzeka kulipira mlandu. Ndinagwira nkhuku yamawanga ija, imene inalephera ntchito yake, ndinapita nayo ndekha n'kuwapatsa m'manja, ndipo ndinawauza pamaso pa anthu kuti kuyambira lero akakhala ndi mawu azindiuza ine mwini, nkhuku ilibe nzeru. Tinaidya Lamlungu. Mpando wanga ndinautulutsa ndekha n'kuuika pansi pa mtengo wa gwafa, chifukwa m'kachipindamo munkatentha kale, ndinkangopirira. Masiku ano chigamba chikangotuluka chimalowa, kompyuta imagona n'kudzuka yanthete, ndipo fodya asanalowe m'balani apongozi amaonetsetsa kuti pawaya palibe chotsalira. Nzeru imeneyo ndinawapatsa ndine, ngakhale iwo mwina anaiganiza poyamba.

Tsono pali nkhani imene akazi anga amafalitsa ku musika, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu munaimva, n'chifukwa chake mukumwetulira. Akuti anafunsa apongozi kuti ntchito yonseyo inatenga nthawi yaitali bwanji, apongozi n'kungoseka chamumtima. Akuti iwo pochokera ku musika anandipeza ndikutuluka m'balani, ndikudzandira, ndipo nditatola kapu ija inaikidwa pakhomo kompyuta isanazimitsidwe, tiyi anali akufukabe nthunzi, moti ndinapsa lilime.

Zoona, ndinapsa lilime, chipsera chake ichi. Nanga n'chiyani chodabwitsa pamenepo? Inu ana a masiku ano mumamwa tiyi wa m'mabotolo, wopanda mwambo, ndiye mungadziwe chiyani? Tiyi wofulidwa ndi mwana waulemu sazizira mkulu asanamwe. Akanandidikira ngakhale mpaka Khirisimasi. Amene akutsutsa abwere agwire chigongono ichi, koma ayambe wanyowetsa chala.